Zinyalala mbwee m'tauni yoti tonse timadziwana, vuto ndi anthu kapena khonsolo?

Kadzidzi77:

Moni nonse. Pali nkhani yomwe yandikwana, mwina ena muli ndi nzeru. N'chifukwa chani m'matauni ang'onoang'ono anthu amataya zinyalala paliponse chonsecho aliyense akudziwana ndi mnzake? Mumzinda waukulu ndikhoza kumvetsa, munthu waponya botolo wapita, palibe amene adzamuonenso. Koma tauni yoti ukayenda pang'ono basi waimaliza, wa m'shopu akudziwa dzina lako ndi la mayi ako omwe, koma munthu amamwa chakumwa chake n'kuponya botolo mu ngalande maso ali gwa, manyazi olo pang'ono. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti anthu omwewa pakhomo pawo pamakhala poyera bwino, asesa m'mamawa, akolopa, kenako zimene asesazo akukakhuthula kuseri kwa mpanda, mbali ya kumsewu. Ndiye kuti ukhondo amaudziwa, kungoti umathera pa geti. Ukamufunsa akuti pali anthu amalipidwa kuti azisesa, ena mpaka amati tikasiya kutaya osesawo ntchito iwathera. Ndiye tinene kuti ndi kusaphunzira, umphawi, kapena khonsolo ndi imene ikugona? Alipo amene anaonapo tauni yauve itasintha, anachita bwanji?

Mphunzitsi_wopuma:

A Kadzidzi, za kusaphunzirazo zichotseni kaye, ine ndaonapo mabotolo akuuluka pa windo la galimoto zodula zedi, oyendetsa ake atavala tayi. Chimene chimachitika kwambiri n'choti munthu asanataye amayang'ana kaye pansi, osati mwadala ayi, maso amangoona okha kuti pano anzanga amatani. Pakakhala poyera amachita kakasi, botolo lija amayenda nalo. Pakakhala pali kale majumbo ndi mapepala amati langa limodzi lisintha chani. Izi anaziyesa ndithu ku Netherlands, mumzinda wa Groningen, zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anapachika timapepala totsatsa malonda pa mahandulo a njinga zoimikidwa m'kanjira kena popanda bini pafupi, n'kubisala kumaonerera. Khoma la m'kanjirako lili loyera, anthu 33 pa 100 aliwonse ndi amene anataya kapepalako pansi. Atalembalemba khoma lomwelo ndi penti, otaya anafika 69 pa 100. Onani, anthu a tauni imodzimodzi, maphunziro omwewo, chimene chinasintha ndi khoma basi, ndipo pakhomapo sipanali zinyalala ayi, zinali zolembalemba chabe. Ndiye m'tauni yaing'ono kudziwana kuja kumagwira mbali zonse, ngati akuluakulu odziwika amataya ndipo palibe amawanena, mwana akukula akudziwa kuti umu ndi mmene timachitira kuno. Komanso kudziwanako ndi kumene kumatseka anthu pakamwa, ungamudzudzule bwanji munthu woti mawa ukakongola kwa iye kapena ndi mlamu wa mnzako? Mlendo ndiye wosavuta kumukalipira.

MayiAwiri:

Aphunzitsi mwalankhula bwino koma ine ndikana pang'ono, tisamangonena anthu anthu ngati anthufe timakonda uve. Mundiuze, ine ndili ndi ana awiri aang'ono, matewera otaya aja ndiwapititse kuti? Galimoto ya zinyalala imabwera ikafuna, mwezi ukhoza kutha osaiona, ukafunsa akuti mafuta palibe kapena yafa ili ku galaja, koma msonkho ndi ziphaso zamalonda ndiye salephera kutolera, tsiku lake likakwana ali pakhomo ndi lisiti. Bini imene anaika pafupi ndi pokwerera basi inadzaza kalekale mpaka zinyalala zinapanga phiri m'mbali mwake, agalu ndi akhwangwala amamwaza usiku ndi usana, ndiye munthu ukafika ndi kajumbo kako n'kuika pamwamba pa phirilo wataya mu bini kapena wataya pansi? Ukati uotche, utsi wa pulasitiki uja mwana amayamba kutsokomola ndipo aneba amakunena. Ukati ukumbe dzenje, malo ndi a lendi, alandilodi sakufuna. Ineyo botolo sindiponya mumsewu, limalowa m'chikwama mpaka kunyumba, koma likafika kunyumbako liziloweranso kuti? Bini yodzaza imaphunzitsa anthu kutaya pansi kuposa pamene palibiretu bini.

Bwande_Mkulu:

Kkkkk mayi mwapsa mtima. Koma za mabinizo musadalire kwambiri, ku Japan m'misewu mabini ndi osowa, ambiri anachotsedwa pambuyo pa chiwembu cha mpweya wa poizoni mu sitima za pansi ku Tokyo mu 1995, koma misewu ili mbee, aliyense amanyamula zake kupita nazo kwawo. Ana asukulu kumeneko amasesa okha makalasi. Munaona pa World Cup ku Russia 2018 ndi ku Qatar 2022 masapota awo akutolera zinyalala mu sitediyamu mpira utatha, olo ataluza. Ndiye ine ndimati ndi mtima basi.

MayiAwiri:

Achimwene, ku Japanko akafika nazo kunyumba galimoto imabwera pa tsiku lake osaphonya. Mundipatse galimoto imeneyo kaye kenako tikambe za mtima.

Dotolo_wa_ziweto:

Ine sindilowa nawo mkangano wa amene ali wolakwa, ndingonena zimene zinyalalazi zimachita chifukwa ambiri amaona ngati nkhani yake ndi maonekedwe chabe. Mbuzi ndi ng'ombe zimadya majumbo, makamaka amene munali chakudya kapena mchere, pulasitiki sagayika ndiye amaunjikana m'chifu n'kupanga chimpira cholimba, chiweto chimaoneka mimba yotupa koma chikuwonda, sichidya, mwini wake amathera ndalama pa mankhwala a njoka zam'mimba osadziwa kuti vuto ndi jumbo, zimadziwika pochisenda. Kwa anthu ndiye ngalande. Majumbo ndi mabotolo akatseka ngalande mvula yoyamba madzi amasefukira m'mashopu ndi m'nyumba, akasakanikirana ndi za m'zimbudzi ndi pomwe kolera ndi matenda otsegula m'mimba amayambira, ndipo amene amadwala si uja anaponya botolo kumtunda, ndi wokhala kumunsi. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 chifukwa chomwechi, anapeza kuti ndi amene ankatseka ngalande pa nthawi ya madzi osefukira. Matayala akutha, zitini ndi mabotolo odulidwa zimasunga timadzi tomwe udzudzu wa mtundu wa Aedes, wofalitsa matenda a dengue, umaikiramo mazira. China chomwe anthu sachiwerengera n'komwe ngati chinyalala ndi kotsalira ka ndudu, ambiri amaganiza kuti kafyuluta kaja ndi thonje chonsecho ndi pulasitiki, kamatenga zaka kuti kaphwanyike ndipo kamatulutsa poizoni wa fodya m'madzi. Zootchazo mayi akunena zoona, utsi wa pulasitiki ndi woipa pachifuwa makamaka kwa ana ndi a mphumu.

Mphunzitsi_wopuma:

Pa funso lanu lomaliza a Kadzidzi, malo amene anasintha alipo, koma sindikudziwapo amene anasintha ndi zikwangwani zoti "osataya zinyalala pano", nthawi zambiri pansi pa chikwangwani chomwecho ndi pamene pamakhala mulu waukulu. Rwanda inaletsa majumbo a pulasitiki mu 2008, ndipo Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse m'mawa anthu amatuluka kukagwira ntchito zachitukuko kuphatikizapo kusesa, amazitcha Umuganda, koma tisanamizane kuti ndi chikondi chokha, kumeneko lamulo limaluma ndipo ku Kigali kuli anthu olembedwa ntchito osesa misewu tsiku ndi tsiku. Kenya nayo inaletsa majumbowa mu 2017 ndi zilango zowawa. Njira imene ine imandisangalatsa ndi ya ku Germany, kuyambira 2003 ukagula chakumwa cha m'botolo lapulasitiki kapena m'chitini umalipirirako kandalama kapamwamba, panopa ndi masenti 25 a yuro, ukabweza botolo amakubwezera. Botolo likakhala ndi mtengo silikhalitsa pansi, wolemera akalitaya wina alitola. Nonse awiri, mayi ndi a Bwande, mukunena mbali za chinthu chimodzi, kungoti dongosolo lake ndi limene anthu amalisokoneza. Amayamba ndi kudzudzula anthu malo ali auve, m'malo moyamba kuchotsa mulu wakale, kuika tsiku lodziwika lotenga zinyalala n'kulisunga, faindi izibwera pambuyo. Tsiku losesa tauni lojambulitsa pa Facebook lija, akuluakulu atagwira tsache latsopano mphindi zochepa, sabata isanathe malo amabwerera mwakale chifukwa galimoto sinabwerebe.

Kadzidzi77:

Zikomo nonse, a Dotolo za mbuzizo zandiopsa. Aphunzitsi, zoyamba ndi kuchotsa mulu wakale ndazimva, ndikuganiza zokamba ndi eni mashopu a mzere umodzi kuti tichotse mulu wa pakona n'kumasonkha tokha ya munthu wa ngolo azitenga kawiri pa sabata. Koma mantha anga ndi amene anena mayiwa, wa ngoloyo akatenga azikataya kuti ngati kumtaya kuli kutali, si azingokakhuthula kumtsinje ife n'kumaona ngati tathana nazo? Komanso tikayamba kulipira tokha, a khonsolo sadzangoti aha azolowera n'kusiyiratu kubwera?

MayiAwiri:

Adzasiyiratu amenewo, musakayike. Musanasonkhe kalikonse pitani kaye ku ofesi kwawo muli gulu, osati nokha, akupatseni tsiku la galimoto polemba ndi sitampa, ndipo wa ngoloyo muzimulipira akabwera ndi umboni woti wafika kumtaya. Mukamapita mundiuze, ine ndi matewera anga tili kutsogolo.