Gulu la banja: ulendo wa ku chiliza cha agogo ku Harare

Azakhali (Zomba): Mwadzuka bwanji nonse? Matikiti tagula, tikubwera anthu anayi. Achimwene, m'thumba tinyamule zingati? Makwachawa tikasinthira komweko?

Bambo aakulu (Mufakose): Ayi achemwali, kwacha isiyeni, kuno palibe angailandire. Pakufunika madola a ku America. Ndalama yakuno ilipo, ZiG, idayamba mu April 2024, koma mitengo yambiri amatchula m'madola.

Azakhali: Madolawo tiwapeze kuti? Kubanki kuno akungoti mubwerenso.

Alamu (Highfield): Pepani ndilowerere apongozi. Mukawapeza, akhale ang'onoang'ono, a 1, a 5, a 10. Vuto lakuno ndi chenji. Mukapereka 20 pa msika wa Mbare, mayi wa tomato azungulira mabenchi onse kukusakirani. Chinthu cha 50 cents amakuuzani kuti tengani ziwiri, kapena akubwezerani ZiG, penanso maswiti. Ong'ambika musabwere nawo, ena amawakana.

Msuweni (Blantyre): Kkkkk maswiti? Azakhali a shuga apindulapo chiyani?

Azakhali: Iwe khala chete. Nanga buledi ndi minibasi?

Alamu: Buledi ndi cha m'ma dola imodzi. Kombi yopita m'tauni musawerengere kupitirira dola, kungoti madzulo kapena mvula ikagwa makondakitala amakweza.

Msuweni: Bambo aakulu, ndamva kuti m'malesitilanti mumasiya kangachepe pambale. N'zoona?

Bambo aakulu: M'malo apamwamba ngati a ku Borrowdale, eya, ambiri amasiya 10 peresenti ya bilu. Koma kumeneko mukatani? Pogula nsima ndi nyama ku Mbare mumalipira mtengo wake basi. Woti mumukumbukire ndi mnyamata wa ngolo wonyamula katundu, ndipo mugwirizane mtengo asanakhudze chikwama. Okumba ndi omanga kumanda ndawalipira kale, komabe tsikulo tidzawapatsa ya sopo.

Azakhali: Munthu walipidwa kale, ndiye timuwonjezerenso? Ife a penshoni zimenezo ayi.

Bambo aakulu: Imeneyo ndi yanga achemwali, mtima pansi. Za madola tichite chonchi: ndalama imene ndimatumizira amayi ku Mulanje mwezi uno muwapatse ndinu m'makwacha, ine ndidzakubwezerani kuno m'madola. Kugona ndi kudya n'kwathu. Inu mungopeza ya panjira, kuchokera pa Mwanza, kudutsa Tete, mpaka pa Nyamapanda.

Msuweni: Apo ndiye mwatipepuza. Kamba tikonza tokha, mbatata ndi nkhuku yokazinga.

Alamu: Ndipo chonde usipa ndi mpunga wa Kilombero musaiwale, ana akhala akufunsa.

Azakhali: Mpunga ndagula kale mpongozi. Achimwene, nditumizireni kumbali kuchuluka kwa ndalama ya amayi, ndiwapititsire Loweruka.

Bambo aakulu: Ndikutumizirani madzulo. Mukangodutsa pa Mutoko mundiimbire, ndidzakuchingamireni pa depoti ya mabasi ya Roadport.