Kugawana mipando potsata mitundu: ndiwauze chiyani ana anga a mtsutso?

Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimaphunzitsa ku sekondale, ndipo ana anga a kalabu ya mtsutso apatsidwa mutu wakuti m'dziko la mitundu yambiri, mipando ya boma izigawidwa potsata mitundu. Ife tagwera mbali yovomereza. Vuto ndi lakuti mtima wanga ukukana.

Mfundo zoikira kumbuyo ndili nazo ndithu. Kumene anthu amavota poyang'ana mtundu, chisankho chimangosanduka kalembera. Mtundu waukulu upambana lero, upambananso mawa ndi mkuja, ndipo ochepawo amadziwiratu kuti voti yawo sidzawafikitsa pampando. Munthu wotere ukamuuza kuti adikire chisankho china, adikira chiyani? Ku Burundi, pangano la Arusha la 2000 ndi malamulo a dziko a 2005 adakonza kuti m'nyumba ya malamulo Ahutu akhale 60 pa 100 alionse, Atutsi 40, ndipo ku usilikali pasakhale mtundu wopitirira theka. Nkhondo yomwe idabuka mu 1993 idazilala. Zimenezi sindingazipeputse.

Koma ine bambo anga ndi a mtundu wina, mayi anga a mtundu wina. Ndawerenga za ku Bosnia, komwe pangano la Dayton la 1995 lidaika atsogoleri atatu: wa mtundu wa Bosniak, wa Serb ndi wa Croat. Jakob Finci, Myuda, ndi Dervo Sejdić, wa mtundu wa Roma, adakasuma ku khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu chifukwa sankaloledwa n'komwe kupikisana nawo. Mlandu adapambana mu 2009, koma lamulolo silidasinthidwe. Nkhani imeneyi idandilasa mtima. Dziko likagawa mipando chonchi, ine ndi ana anga tidzalembedwa kuti? Kodi ilipo njira yogawana mphamvu popanda kulemba mtundu wa munthu m'malamulo?

Nangozo:
Aphunzitsi, njira ilipo. Ku Nigeria, kuti munthu akhale pulezidenti sikokwanira kupeza mavoti ambiri; ayeneranso kupeza 25 pa 100 m'magawo awiri mwa atatu a zigawo zonse za dzikolo (ma state). Kenya idatengera zofanana m'malamulo a 2010: mavoti opitirira theka, kuonjezapo 25 pa 100 m'makaunti opitirira theka mwa makaunti 47 a dzikolo. Palibe mpando wosungidwira mtundu, koma wofuna kulamulira amakakamizika kukagwada kwa anthu omwe si akwawo.

Bambo a Chikondi:
Muwauzenso ana anuwo za Lebanon, chifukwa anzawo otsutsa adzayambira pomwepo. Kuyambira 1943 pulezidenti amakhala Mkhristu wa mpingo wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, sipikala wa Shia. Kalembera wa boma adachitika komaliza mu 1932, poopa kuti chiwerengero chatsopano chingagwedeze magawidwewo. Pangano la Taif la 1989 lidalonjeza kuti dongosololi lidzathetsedwa pang'onopang'ono, koma adzalithetsa ndani poti omwe ali ndi mphamvu yotero ndi omwe akudyerapo? Kuchokera mu Okutobala 2022 mpaka Januwale 2025 dzikolo lidakhala lopanda pulezidenti, magulu akukanirana.

Mayi Phiri:
Bambo a Chikondi, mukunena zoona, koma musaiwale kuti mapangano amenewa amasainidwa maliro ali m'nyumba. Ku Northern Ireland anthu oposa 3,000 adafa pa ziwawa pangano la mtendere la 1998 lisanabwere. Inde boma lawo logawana lakhala likuima, monga kuyambira 2017 mpaka 2020, koma mayi amene adaika mwana m'manda angasankhe boma loimaima kusiyana ndi mabomba. Aphunzitsi, mfundo imeneyi ana anu aigwiritsitse.

Achimwene a Dalitso:
Aphunzitsi, funso lanu lenileni South Africa idaliyankha mu 1994. Chipani chilichonse chopeza mipando 20 mwa 400 chinali ndi ufulu wolowa mu kabineti. Ankawerenga mavoti, osati mtundu, ndipo dongosololo lidaikiridwa malire a zaka zisanu. Chipani cha de Klerk, pulezidenti womaliza wa boma la tsankho, chidatulukamo chokha mu 1996. Munthu wa makolo a mitundu iwiri ngati inu sakanafunsidwa kuti ndinu wa kuti.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Achimwene, ya South Africa yandikhazika mtima pansi, ndipo ndiwauza ana kuti aitchule pamodzi ndi malire a nthawiwo. Mayi Phiri, mawu anu ndawalemba momwe alili. Koma a Nangozo, pali pomwe ndakakamira. Lamulo la 25 pa 100 limakakamiza mitundu ikuluikulu kufunana yokhayokha. Nanga mtundu waung'ono kwambiri, womwe mavoti ake sasintha kanthu m'chigawo chilichonse, adzapita kukaugwadira ndani? Mtsutso uli Loweruka, ndipo ndikudziwa kuti mwana wina adzandifunsa zimenezi tisanakwere n'komwe galimoto.