Thandizeni maganizo: ndithamangitse PhD ya energy economics kapena ndilowe kaye ntchito?

Moni nonse, makamaka inu amene mumaphunzitsa m'mayunivesite kapena munadutsa PhD. Ndine mtsikana, ndangomaliza masters ya economics ndipo mtima wanga uli pa energy economics, ndikufuna ndizipanga kafukufuku komanso kuphunzitsa.

Chinandikoka ndi nkhani ya makala. Kwathu ku Ndirande nyumba zambiri magetsi analowa kalekale, mita ya prepaid ili pakhoma, koma nsima ndi nyemba zikupsabe pa mbaula, mayunitsi amangosungira kuunikira, TV ndi kutchaja foni basi. Ndiye vuto ndi mtengo wa yuniti, ndi kuthimathima, kapena kudula kwa cooker ndi gasi? Yankho lake ndi lomwe lingauze boma poika ndalama. Komanso namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022 tinataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yopitirira chaka, ineyo ndimalakalaka nditafufuza bwinobwino kuti zimenezi zinachita chani pa mtengo wa thumba la makala ndi pa nkhalango zathu. Pa thesis ndinagwiritsa ntchito data ya IHS (kafukufuku wa momwe mabanja akukhalira) ya ku National Statistical Office (NSO) koma ndinangoyamba kukanda pamwamba.

Pano banki ina yandiitana, malipiro abwino ndithu. Mbali inayi pali mwayi wophunzitsa part time ndikudikira scholarship, ndalama yake yochepa komanso yosadalirika, chonsecho ine ndine woyamba kubadwa, fizi ya ang'ono anga awiri ikuyang'ana ine. Kodi munthu ukalowa ku banki umabwereranso ku academia? Nanga PhD ya field imeneyi ndiyang'ane kuti? Chonde ndiuzeni zoona zake osandinyengerera.

Yankho loyamba:
Achemwali, ine ndine lecturer, ndikuuzani mosabisa. Ntchitoyi ndi yokoma koma kalasi imadzaza, kuchonga mapepala kumadya weekend yonse ndipo kukwezedwa kumadalira ma paper amene mwasindikiza, osati kuphunzitsa bwino kokha. Popanda PhD mukhala pansi nthawi yaitali. Onani collaborative PhD ya AERC (African Economic Research Consortium) ya ku Nairobi, Commonwealth Scholarship, komanso Cape Town kuli anthu olimba pa nkhani za magetsi. Ku yunivesite ya Dundee ku Scotland kuli centre ya energy law and policy. Koma musasankhe dzina la sukulu, sankhani supervisor amene akulemba za household energy, mumulembere ndi proposal yanu yaifupi. Econometrics yanu ikhale yakuthwa, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira data ngati Stata kapena R muziidziwa ngati dzina lanu.

Yankho lachiwiri:
Ine ndinganene kuti lowani ntchito, koma bwanji osayesa ku MERA, ESCOM, EGENCO kapena ku unduna wa zamagetsi mmalo mwa banki? Chigawireni ESCOM pawiri, kupanga magetsi kupita ku EGENCO, kenako ma IPP (makampani oima paokha opanga magetsi) ngati sola ya 60 MW ya ku Salima kulowa, pakufunika anthu omvetsa tariff ndi ma power purchase agreement (mapangano ogulitsana magetsi). Mukakhalapo pokonza base tariff (mitengo ya magetsi yomwe MERA imavomereza) kamodzi kokha mudzaphunzira zambiri zoti m'kalasi simungazipeze, ndipo mukadzapita ku PhD mudzakhala ndi mafunso enieni.

Yankho lachitatu:
Mwana wanga, ang'ono ako asasiye sukulu chifukwa cha maloto ako, komanso maloto ako asafe chifukwa cha iwo. Tenga ntchitoyo, koma thesis ija uisandutse paper chaka chomwe chino usanazolowere salale. Anzanga ambiri anati zaka ziwiri zokha, ngongole ya galimoto itabwera nkhani ya sukulu inathera pomwepo.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A lecturer, kodi supervisor wakunja angandilandire ndi paper imodzi yomwe ikadali under review, kapena ndidikire ituluke kaye? Ndipo ndikakhala ku banki, kuphunzitsa kalasi imodzi ya madzulo kumawerengedwa ngati teaching experience?