Maofisala a akasinja amaphunzira bwanji, nanga dzina la mahatchi likubwera pati?

Mdzukulu wa Keyala, Lizulu

Akuluakulu ndithandizeni pa nkhani iyi yandizunguza mutu sabata yonse. Agogo athu aamuna anali a Keyala, anakamenya nawo nkhondo ku Burma ndipo mpaka kumwalira kwawo nkhani yawo inali ya kuyenda m'matope mfuti ili paphewa, nde ine ndakula ndikudziwa kuti msilikali ndi wa miyendo basi. Tsopano mwana wa achemwali anga walemba fomu 4 chaka chino, mtima wake wonse uli ku usilikali koma akuti iye akufuna adzakhale ofisala wolamula akasinja. Anandionetsa kavidiyo pa foni ka anyamata a ku America akumaliza kosi ya akasinja, gulu lawo dzina lake 16th Cavalry, pomwe ine ndimamva kuti cavalry ndi asilikali okwera mahatchi. Hatchi ndi kasinja zikukumana pati? Nanga sukulu zimenezi zimayenda bwanji, munthu amangofika nkukwera chitsulocho? Mayi ake akuyang'ana kwa ine monga malume ndiye sindikufuna kumuyankha mwana zongopeka.

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Achimwene dzinalo silinalakwike ayi, ndi mbiri chabe yomwe inakanirira. Akasinja anayamba kuoneka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu September 1916 ku Somme m'dziko la France, anabwera nawo ndi a Britain. Nthawi imeneyo asilikali anali atakhazikika m'maenje, kutsogolo kuli waya waminga, mfuti za chiwaya zikulira usana ndi usiku moti hatchi kaya munthu akangoonekera basi zake zada, nde anafuna chinthu choti chiziponda wayayo nkumadutsa maenje chipolopolo osalowa. Olo dzina loti tank lija analipereka pofuna kubisa, kuti azondi aziyesa akupanga mathanki a madzi.

Gulu la 16th Cavalry mwalitchulalo linakhazikitsidwa chaka chomwecho cha 1916 ku Texas ndipo linali la mahatchi enieni, odya udzu. Nkhondo itatha, lamulo la ku America la 1920 linapereka akasinja onse m'manja mwa asilikali oyenda pansi, a pamahatchi osaloledwa kukhala nawo, moti iwowa atayamba kuzifuna zitsulozi ankangozitchula dzina lina loti combat car kuti lamulo lisawagwire. Ndipo akuluakulu ambiri a mahatchi ankakanitsitsa kusiya ziweto zawo, ine sindiwanena, munthu wakulira pa chishalo kumuuza kuti mawa uzinunkha dizilo si zophweka. Chinawatsegula maso ndi 1940 pamene Germany inagonjetsa France pa masabata asanu ndi limodzi okha, akasinja akuyenda m'magulu akuluakulu ndege zili pamwamba. July wa chaka chomwecho America inakhazikitsa gulu la akasinja lotchedwa Armored Force ku Fort Knox, Kentucky, woitsogolera anali Adna Chaffee amenenso anachokera ku mahatchi komweko, ndipo sukulu yake inatsegulidwa chaka chisanathe. Mu 1950 anaphatikiza nthambi ya mahatchi ndi ya akasinja kukhala imodzi.

Maina akale anawasunga chifukwa ntchito sinasinthe kwenikweni. Wa pahatchi ankatsogola kukazonda mdani, kuthamanga, kumuzungulira nkumutulukira m'mbali momwe sakuyembekezera, ndipo kasinja amachita zomwezo. Nchifukwa chake m'magulu ambiri a cavalry simumva batalyoni kapena kampani, mumva squadron ndi troop.

Sukulu ija inakhala ku Fort Knox zaka pafupifupi 70, pofika 2011 anamaliza kuisamutsira ku Fort Benning, Georgia, komwe kuli sukulu ya asilikali oyenda pansi, cholinga aziphunzirira pamodzi poti kasinja akalowa m'tauni kapena m'nkhalango wopanda apansi omutchinjiriza sachedwa kuphulitsidwa. Amene amaphunzitsa ma lefutenanti atsopano ndi squadron yachiwiri ya 16th Cavalry, kosi yake imatenga miyezi inayi ndi kanthu, ndipo onse olowa kosi imeneyi amakhala atapatsidwa kale uofisala kwina monga ku sukulu ya maofisala ya West Point kapena kudzera ku yunivesite. Asilikali wamba odzayendetsa ndi kuombera amaphunzitsidwa ndi gulu lina, 194th Armored Brigade. A Britain nawo ndi chimodzimodzi, uyambe wamaliza sukulu ya maofisala ya Sandhurst kenako upite ku Bovington, kuombera kumakachitikira ku Lulworth m'mbali mwa nyanja.

Sajeni wopuma, Kampepuza

Aphunzitsi mwalongosola bwino za mbiri, ine ndingoonjezera za m'kati mwa ntchito poti yunifolomu ndavalapo zaka zambiri, ngakhale ine ndinali wapansi ngati agogo anu bambo a ku Lizulu.

Choyamba mumuuze mphwanuyo kuti palibe amene amasankha kasinja ali pa geti. Kuno kwathu khomo ndi limodzi, MAFCO ku Salima, ukhale kaye msilikali, uthamange, ugone kutchire, udziwe kumvera usanayambe kulamula anzako, za nthambi zimabwera pambuyo ndipo amaona akuluakulu malinga ndi mmene wakhozera komanso komwe kukufunika anthu.

Chachiwiri ndi ichi chomwe ndikufuna mwanayo achimvetsetse. Kasinja wa ku America wotchedwa Abrams amalowamo anthu anayi, dalaivala, woika chipolopolo mu mzinga, woombera, ndi wolamula. Ena ngati T-72 wa ku Russia ndi atatu poti choika chipolopolo ndi makina. Ofisala pa kosi amayenera kukhala pa mpando uliwonse, ayendetse, anyamule chipolopolo cha 120mm chija ndi manja ake m'kachipinda kothina kotentha, aombere kaye pa kompyuta kambirimbiri asanampatse chenicheni. Chifukwa chake nchakuti tsiku lina adzauza mnyamata kuti fulumira, nde ayenera kudziwa m'thupi mwake kuti kufulumirako kumawawa bwanji. Akamaliza amampatsa pulatuni ya akasinja anayi, anthu 16 iye yemwe, iye ali mu wake akulamula anzake atatu, pomweponso akulamula akasinja ena atatuwo pa wayilesi, mapu ali pabondo, kaputeni naye akumuitana pa wayilesi ina, fumbi, phokoso la injini, usiku. Amene amangoona kavidiyo amayesa nkhani ndi mzinga koma chimagwetsa anyamata ambiri pa ntchito yathuyi ndi mapu ndi tulo.

Ndipo m'modzi mwa akasinja anayiwo amalamula ndi sajeni wa pulatuni, munthu woti wakhala pa ntchito zaka khumi kapena kuposa pomwe bwana lefutenanti angofika kumene ndevu zisanakhwime. Sukulu zimenezi aphunzitsi ake ambiri ndi ma sajeni, amamupatsa sawasha ofisala m'mawa nkumukonza zolakwa tsiku lonse. Ine ndaona maofisala achichepere amitundu iwiri, wina amafika nkufunsa kuti sajeni apa timatani, wina amafika ndi mapewa okweza. Woyambayo anyamata amamutsatira olo pa moto, ndipo ndikamakumbukira ena mwa iwo mpaka lero mtima umandiwawa ndi chikondi.

Asaiwalenso sipanala. Masiku ambiri a munthu wa akasinja amathera pa girizi, kumanga tcheni chomwe chasololoka, kuyang'ana oyilo, kutsuka zosefera mpweya. Ngati mwanayo amanyansidwa ndi manja akuda ayambe kuganiza bwino.

Dalaivala wa mathiraki, Dedza boda

Bwana sajeni ulemu wanu. Ine ndingoti sitiyenera kuyang'ana ku America kokha, pompano pa Joni sukulu ilipo, School of Armour ku Tempe mu Bloemfontein, ndimadutsa tauni imeneyo ndikamapita ku Cape Town. Iwo ali ndi kasinja wa tcheni wotchedwa Olifant koma anaika nzeru zambiri pa za matayala, Ratel ya matayala 6 ndi Rooikat ya matayala 8, poti kuno mitunda ndi italiitali ndipo cha matayala chimadziyendera chokha pa msewu pomwe cha tcheni mpaka uchinyamule pa lobedi. Ngati munthu wa pamsewu ndimaganiza za kulemera, Abrams amapitirira matani 60, ndiye kuti katundu wa mathiraki awiri a feteleza pa chinthu chimodzi. Taganizani chimenecho chikutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena chilowe m'dambo la ku Linthipe mu February, timilatho ta m'midzi mwathumu tingapirire? Nchifukwa chake pa perete kwathu kuno timaona za matayala.

Mayi wa ku Tsangano

Ine ndinali kamtsikana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu a ku Angonia ankabwera usiku mitolo ili pamutu kudzagona m'makhonde mwathu, kulira kwa mfuti timakumva tili kumunda wa kachewere. Ndiye ndikamva mwana akusirira zida mtima umagunda. Sindikuti mumuletse achimwene, asilikali athu agwira ntchito yaulemu ku Nacala kuja ndi ku DRC, koma mukhale naye pansi pamodzi ndi mayi ake mumufunse ngati akudziwa kuti ofisala amanyamula miyoyo ya ana a eni ake.

Mdzukulu wa Keyala, Lizulu

Zikomo nonse, ndamuwerengera zonsezi dzulo madzulo mayi ake ali pompo. Pa mawu a amayi a ku Tsangano anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati kuli koyenera kuti ayambe wapita ku koleji kaye kapena adikire zotsatira nkuyesa mwayi pompano, bwana sajeni mungatiunikire?

Sajeni wopuma, Kampepuza

Adikire zotsatira za MSCE aone masamu ndi Chingerezi zayenda bwanji, poti wayilesi ndi mabuku onse a ntchitoyi ndi Chingerezi ndipo mapu ndi masamu. Akamadzaitana anthu amalengeza poyera pa wayilesi ndi m'nyuzi zoyenereza zonse zili pomwepo, wina akadzabwera kuti mumupatse ndalama amulowetsa ntchito ameneyo ndi wakuba musamumvere. Pakadali pano asangokhala pa Lizulu kumaonera mavidiyo, m'mawa azithamanga mtunda wa ku Mlanda uja, masana mumupezere garaja yoti azikathandiza amakaniko kumasula injini za dizilo. Pakatha miyezi itatu mudzandiuze ngati akupitabe.