Kamakina kopukusa ka masikafu: tisonkhe tigule kapena tizingoluka ndi manja?

Maule wa ku Ndirande: Amayi anzanga, chiperoni chayandikira ndipo maoda a masikafu achuluka, a Bullets 14, a Manoma 6. Ine ndi singano ziwiri, sikafu imodzi imandidyera sabata yathunthu. Mwana wanga wandionetsa pafoni kamakina kozungulira kopukusa ndi dzanja, ka Sentro, ka singano 48. Kuliso ka Addi ka ku Germany ka singano 46, koma ako n'kodula. Tisonkhe tigule kamodzi?

Gogo wa ku Dedza: Mwanawe, ndaluka majuzi kuyambira nthawi ya Kamuzu, makina sindinawafunepo. Pulasitiki ija ikathyoka mukaikonzetsa kwa ndani? Kwa wowotcherera njinga?

Mlongo wa ku Leeds: Agogo, pepani ndikutsutseni pang'ono. Ine ndili nako kuno. Kamaluka chinthu chonga thumba lalitali lotseguka uku ndi uku, ndiye ukasoka kumapeto n'kuikako mphonje, sikafu imakhala yamphindikira kawiri, yofunda zedi. Mizere yofiira ndi yoyera ndiye sivuta, umangodula ulusi n'kulowetsa wina. Ya mita imodzi ndi theka ndimatha madzulo amodzi, nsima isanapse n'komwe.

Maule wa ku Ndirande: Eee achemwali, nsima yanji imeneyo? Ya mgaiwa wa ku UK?

Nyerere ya ku Chilomoni: Asisi a ku Leeds sananene zonse. Kanga ndinagula kwa wogulitsa wina pa intaneti, kopanda ndi dzina lomwe. Kamasankha ulusi ngati mwana wolera agogo. Ulusi wopyapyala uja timagula mumsika kanangoudumpha, wonenepa kwambiri n'kumakakamira. Tsiku lina nditafika pakati pa sikafu yabuluu, singano imodzi inataya ulusi osaona, kubowoka mzere wonse mpaka pansi ngati sokosi ya sukulu. Ndinakhala mpaka usiku ndi kolowa, ndikutola kamodzikamodzi pa nyali ya foni, magetsi atapita. Komanso kamathawathawa pa tebulo, mpaka bambo a kunyumba ankachita kundigwirira, nawo ndi a Maule, akuluka nawo za Manoma nkhope ili gwaa.

Mlongo wa ku Leeds: Zoona, kamafuna ulusi wapakatikati, uja amalemba DK kapena wokulirapo pang'ono. Ndipo osapukusa mothamanga ngati chigayo.

Gogo wa ku Dedza: Nanga dzina la timu? Mnyamata wopita ku Kamuzu Stadium amafuna akatambasula sikafu m'mwamba anthu awerenge. Kamakinako kamalemba?

Mlongo wa ku Leeds: Ayi agogo, apo mwandigwira. Zilembo umachita kupeta pamwamba ndi singano ukamaliza. BULLETS ndi zilembo 7, WANDERERS 9, ndiye nthawi ija wapulumutsa ina imabwerera pomwepo.

Nyerere ya ku Chilomoni: Lembani NOMA basi, zilembo zinayi, nkhani yatha.

Mayi Mphunzitsi wa ku Area 25: Ine changa ndi china. Tikagula kamodzi, kazigona kwa ndani? Paja mbale za chikwati tinasonkherana zija mpaka lero sitikudziwa zili kuti. Koma ngati tigwirizana, ndikuona kuti ntchito tingagawane bwino: awiri azipukusa mizere, agogo ndi ine tizipeta zilembo, ena mphonje. A Flames ndiye osavuta, wakuda, wofiira, wobiriwira, popanda cholemba anthu adziwa kale.

Maule wa ku Ndirande: Ndiye achemwali a ku Leeds, mukubwera liti? Tibwerekeni kanuko tiyesere kaye ndi ulusi wa ku Limbe tisanatulutse ndalama ya gulu.

Mlongo wa ku Leeds: Disembala, mayi. Kutentha kuli pakati.

Gogo wa ku Dedza: Ndiye maoda a Juni wa chaka chino aluka ndani? Nditumizireni ulusi wofiira pa basi ya mawa, atatu ndiyamba ine.