Za funso lija la ulendo wa masiku awiri ku Salima

Mayi amene munafunsa za kutenga ana atatu kuchokera ku Lilongwe Loweruka n'kubwerera Lamlungu, tinakuyankhani kuti muyambe ndi nyanja, kumalo osungirako nyama zakutchire a Kuti mupite tsiku lachiwiri. Titaonanso kuti mukupita mu Julayi, tikuti mutembenuze ndondomekoyo.

Chifukwa chake ndi mwera. M'nyengo imeneyi mphepoyi imachititsa kuti nyanja iwinduke, ndipo nthawi zambiri imakula dzuwa likakwera. Mukafika ku Senga Bay masana, mudzapeza mafunde oti mwana wazaka zisanu sangalowemo, ngakhale boti lopita ku chilumba cha Namalenje eni ake anzeru salitulutsa.

Nyamukani Loweruka m'mawa. Pa msewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, maola awiri mukawerengera zokhotakhota za m'mapiri. Madzi akumwa, zipatso ndi mafuta mugule pa boma la Salima, kenako mulunjike ku Kuti Wildlife Reserve. Kulibe mikango kapena njovu, choncho ana amayenda pansi. Koma musawatulutse dzuwa lili paliwombo. Mbidzi ndi nswala zimakhala zili phee pamthunzi. Dikirani cha m'ma 3 koloko.

Lamlungu mulawirire kunyanja ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma. Ana asambe pamchenga poyera, osati m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo. Wokwera boti aliyense avale jekete yoyandamitsa, mufunse musanalipire.

Ikamakwana 2 koloko mukhale mutanyamuka. Mapiri aja usiku, ndi malole ochedwa kutsogolo, si abwino.