Zala zimauma m'mawa uliwonse, a inshulansi akukana kulipira

Telala44:
Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 44, ntchito yanga ndi yosoka. Papita zaka zitatu mfundo za zala zanga zikuwawa ndi kutupa, manja onse awiri mofanana. Ndikadzuka m'mawa zalazo zimakhala zitauma gwa ngati si zanga. Sizasi sindingaigwire mpaka ola lathunthu litatha. Dzulo mwana wanga wa zaka 7 ndiye anandimangira mabatani a bulauzi. Tinaseka tonse, kenako ndinakalirira kubafa.

Kuchipatala ndapitako maulendo 6. Ulendo uliwonse ndimapeza dokotala wina, ndimayambiranso kufotokoza, amandilembera mankhwala opha ululu a diclofenac, basi. Wina anachita kunena kuti "ndi ukalamba umenewu, mayi." Pa zaka 44! Magazi anandiyeza kamodzi, rheumatoid factor (chizindikiro cha nyamakazi m'magazi) sinapezeke, nkhani inathera pompo. Nditapempha kuonana ndi dokotala wa nyamakazi, a inshulansi anakana, ati matendawa ndinalowa nawo. Chonsecho ndalama amadula mwezi ndi mwezi osaphonya. Pano diclofenac uja wayamba kundiotcha m'mimba. Alipo anadutsamo mu zimenezi? Ndiyambire pati?

MayiWaMapasa:
Pepani achemwali, ndawerenga ngati mukunena za ine. Sindine dokotala, koma kuuma kopitirira ola m'mawa, manja onse awiri, ndi mmene inayambira rheumatoid arthritis yanga, nyamakazi yotupitsa mfundo. Nyamakazi ya kutha kwa mafupa ija amati ya ukalamba imamasuka msanga, mphindi 30 sizikwana. Ndipo rheumatoid factor kusapezeka sikutanthauza kuti mulibe matendawa, anthu ambiri ali nawo koma siyioneka. Pemphani akuyezeni magazi a anti-CCP, ESR ndi CRP, amathandiza kuona nyamakaziyi ndi kutupa m'thupi.

Chimene chimandipweteka mtima mpaka lero n'chakuti palibe anandiuza msanga kuti diclofenac amangophimba ululu, uku mfundo zikuwonongeka. Chala changa chamkombaphala chinapindika nthawi imeneyo, sichidzawongokanso. Ndinayamba kupeza bwino atandipatsa methotrexate, mankhwala ochepetsa mphamvu ya matendawo. Amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, amaperekanso vitamini wa folic acid, ndipo amayeza magazi pafupipafupi kuti aone chiwindi. Anatenga miyezi iwiri kuti ndimve kusintha. Ngati mukufunabe mwana muwauziretu, mankhwalawa sayenderana ndi pathupi.

China, muzijambula zala pafoni zikatupa. Matendawa ndi ochenjera, tsiku lokaonana ndi dokotala kutupa kumathawa.

Kalaliki_Wopuma:
Mayi, za inshulansizo musavomere kukanidwa pafoni. Auzeni akulembereni kalata yonena chifukwa ndi ndime ya mgwirizano imene agwiritsa ntchito. Kenako werengani mgwirizanowo nokha. Nthawi zambiri matenda amene munthu walowa nawo sawakana mpaka kalekale, amangoika nthawi yodikira, ena miyezi 12. Ngati munalowa kale kuposa apo, ali ndi funso loti ayankhe. Funsaninso kuti "munalowa nawo" akutengera chiyani, poti mpaka lero palibe dokotala walemba dzina la matenda anu. Tengani kalata yokutumizani kwa dokotala wamkulu, muiphatikize ku dandaulo lanu, musunge kope. Ndinagwira ntchito ya mapepala zaka zambiri, wodandaula pakamwa amaiwalika likangoweruka.

Chimwene_J:
Mwayezetsa uric acid m'magazi? Ine ndinavutika chaka chonse, kenako anapeza kuti ndi gout, nyamakazi yobwera uric acid akachuluka m'thupi.

MayiWaMapasa:
Achimwene, gout kawirikawiri imagwira mfundo imodzi mwadzidzidzi, makamaka chala chachikulu chakuphazi, nkufiira. Zawozi zikumveka zosiyana, komabe kuyeza sikulakwa. Achemwali, ndinaiwala za m'mimbamo. Musamwe diclofenac musanadye, musamuphatikize ndi ibuprofen, ndipo kuotchako mukakunene. Mukaona chimbudzi chakuda bii, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Telala44:
Zikomo nonse. Bambo Kalaliki, mgwirizano uja ndaufukula m'sutikesi, nthawi yodikira ikuti miyezi 12, ine ndinalowa zaka ziwiri zapitazo. Ndakwiya ndithu. Kalata ndilemba usiku uno, kapena kunena zoona alemba mwana wanga wamkulu, cholembera chimandivuta kugwira. Mayina a zoyeza aja ndawalemba kale m'foni. Achemwali, pamene munkadikira kuti methotrexate ayambe kugwira, m'mawa munkatani kuti zala zimasuke? Ine ndimaziviika m'madzi ofunda, koma ndili ndi madiresi anayi a ukwati ofunika Loweruka.